Kasupe Sanakwiye

Anthu kuno ku Zemba amakonda kunena kuti kasupe wa madzi otentha wa kuseri kwa phiri anakwiya chifukwa cha alamu anga, ndipo anabwerera atapepesedwa ndi ufa. Zimenezo n'zabodza. Madzi anali atabwerera kale pamene ufawo unathiridwa, ndipo ambiri amene amakamba nkhaniyi anali asanamere ndi mano omwe.

Zoona zake ndi izi. Alamuwo, mkazi wamasiye wa mkulu wanga, anapalira ubweya wa nkhumba ndi madzi a pakasupepo, monga ankachitira ambiri mobisa. Dzinja lomwelo mtsinje unasefukira, kasupe n'kuzimiririka. Mlandu unagwera iwo. Akafika pachitsime, amayi anzawo ankasuntha ndowa zawo, ndipo woti awathandize kukumba mtedza anasowa.

Ine ndinati madzi otentha amachokera pansi penipeni, m'miyala. Mchenga wangowakwirira, ndipo adzatulukira pena. Ndinaziphunzira ku sekondale zimenezi.

"Aphunzitsi a miyala afika!" ankatero anzanga pansolo. "Mwaufunsa mwala lero? Wati bwanji?"

Ine ndinadikira nyengo yozizira, pakuti m'mawa wa Juni madzi otentha sangabisale: amafuka nthunzi. Ndinkalawirira, kudutsa minda ya thonje, kenako kukwera pakati pa mitengo ya masuku, mame akunyowetsa buluku mpaka m'mawondo. Ndinkatsata mtsinje modekha, ndikatopa n'kukhala pamwala, maso ali kumunsi. Masiku ambiri ndinkangoona nkhungu wamba, imene imayala ponseponse, ndipo ndinkafika kunyumba chisoso chitadzaza m'masokosi.

Tsiku lina ndinaona kanthunzi kakukwera mowongoka pakati pa bango, kumunsi kwa malo akale. Ndinavula nsapato n'kuponda matopewo. Anali ofunda. Sindinakumbe ndekha. Ndinatsika kukatenga khasu, anzanga a pansolo aja, ndi alamu anga.

Khasu ndinapatsa amene ankandiseka kwambiri. "Kumbani inuyo, achimwene, popeza mkwiyo wake mumaudziwa bwino."

Anakumba monyinyirika. Dzenje litafika m'chigongono, madzi anayamba kutumphuka. Anapisamo dzanja, n'kulichotsa msangamsanga.

"Mayo ine! Akuwotcha!"

"Mwina akukwiyira inu tsopano," anatero wina, onse n'kuseka.

Alamu anga sanaseke. Anayenda pang'ono mpaka pamene madziwo ankasakanikirana ndi a mumtsinje, nakhala pansi, n'kuviika mapazi awo. Panalibe amene anawaletsa.