Mipanda Iwiri Pafupi ndi Renki

Mkazi wanga atamwalira, amayi ake anabwera kuchokera ku Dedza kudzakhala nafe ku Redcliff. Kanali koyamba kuponda dziko lino, ndipo Chishona sankachimva. Tsiku lina akuchapa zovala za mwana wanga wamkazi, wa zaka zinayi, anandiuza osandiyang'ana:

"Bambo, mumachoka mwana ali mtulo, mumabwera ali mtulo. Mukapanda kupeza nyumba pafupi ndi pokwerera galimoto, ndipita naye. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi."

Sindinatsutse. Ndinkagwira ntchito ya ukalaliki ku Gweru, ndipo makombi awiri, maminibasi a kuno, ndi ulendo wapansi zinkandidyera tsiku lonse. Choncho Loweruka lililonse tinkapita atatu ku Kwekwe kukafunafuna nyumba mozungulira renki, pokwerera makombi a ku Gweru.

Ndinaphunzira msanga kuti lendi imayendera phokoso. Ukamamva hutala ya kombi uli pakhomo, mtengo wake ndi wa mabwana. Hutala ikazilala, mtengo nawo umatsika. Bambo wina anatilonjeza kuti nyumba yake ili mphindi zisanu basi kuchokera pa renki. Tinayenda mpaka apongozi anavula nsapato n'kundifunsa ngati mphindi za kuno amazithira feteleza.

Loweruka lachitatu tinapeza nyumba kuseri kwa chigayo, pafupi ndithu. Mwini wake, mayi wogulitsa tomato, anati, "Mipanda miviri," n'kutchula mtengo woposa pang'ono umene ndikanakwanitsa. Pa Chishona mupanda ndi chipinda. Apongozi anamva mpanda wa kwawo. Anatuluka, anazungulira nyumba yonse, n'kubwerera.

"Bambo, auzeni mayiwa asatinamize. Mpanda ndi umodzi, nawonso mbuzi ikhoza kudutsa osawerama. Winawo tilipira uli kuti?"

Apongozi suwawongolera pamaso pa anthu. Ndinangomasulira monga ananenera. Mayi uja anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde. Kenaka anagwira apongozi dzanja, n'kulowa nawo m'nyumba. Anamenya khoma la chipinda choyamba: "Mupanda." Chachiwiri: "Mupanda."

Apongozi sanachite manyazi. "Nanga wapanjawo amautcha chiyani?"

"Akuti fenzi, amayi."

"Ndiye fenziyo ndi yothyoka. Mwana angathawire kumsewu. Auzeni zimenezo."

Mayi uja anachotsapo madola khumi, nati mwamuna wake akonza fenziyo sabata yomweyo, bola gogo azibwera kudzamuseketsa. Ndinazindikira kuti nanenso ndikuseka, ndipo mwana wanga ankandiyang'ana ngati akuona mlendo.

Apongozi analowanso m'chipinda chachiwiri. Anagwiragwira makoma, anayang'ana kudenga, anayesa chitseko kawiri.

"Bedi la mwana muliike uku, kopanda chinyezi," anatero. "Ndipo tikiti ya ku Dedza mugule imodzi."

Ndinati chabwino, amayi. Ndinatuluka kukaona ngati mpopi wa panja ukutulutsa madzi. Unkatulutsa, koma ndinaimapo nthawi yaitali.