Maso a M'chigafa cha a Mwale

Ndikakumbukira a Mwale, mphuno ndiyo imayamba: fungo la fodya wa bale atafewa ndi mame, losakanikirana ndi la fumbi ndi masaka akale. Kenako ndimaona chigafa chawo chachitali kuseri kwa nyumba yathu ku Simlemba, dzuwa la m'mawa likulowa m'mipata ya udzu n'kumagwera pa masamba olendewera pa mikangala, njiwa zikulira chapatali, iwo ali khale pakati pa milu ya fodya, chipewa chili pabondo. Sanali agogo anga enieni, tinangoyandikana nyumba, koma tonse tinkawaitana kuti agogo. Paunyamata wawo ankasankha fodya m'maesiteti, ndipo ntchitoyo ankainyadira ngati udokotala.

Loweruka lililonse nyengo yosankha fodya, ana tinkathamangira kumeneko chifukwa cha mbatata zootcha. A Mwale sankapatsa ana onse ntchito imodzi. Mchimwene wanga Limbani, amene manja ake sankakhala osaphwasula kanthu, anamuika pa jeke yodindira mabelo, n'kuwauza adada kuti, "Uyu musamuzunze ndi ndakatulo, mutumizeni kwa amakaniko." Ine anandikhazika pambali pawo penipeni. Ankatenga tsamba, kulisisita ndi chala, kulinunkhiza, kenako kulikweza chakudzuwa.

"Tadala, tandiuza, ukuonapo chiyani?"

Ndinkawauza kuti ili lafiira bwino, ili latsalira chikasu kumapeto, ili lili ndi timadontho ta chuku pafupi ndi mtsempha. Timadontho timeneto anzanga sankationa mpaka nditawalozera ndi kachitsotso. Ine ndinkangoti ndi masewera. Ndinkatha kuiwalika pa tsamba limodzi, mitsempha yake ikuoneka ngati tinjira ta dziko lina, mpaka amama kundikuwira kuti madzi atha m'nyumba.

Tili chakumapeto kwa Fomu 2 pa sekondale yoyendera, anatipatsa pepala loti tisankhe maphunziro odzatenga ndi odzasiya, tibweze Lachisanu. Atsikana tinapangana zosiya sayansi, poti mbiri inali yakuti imeneyo ndi ya anyamata a mitu ikuluikulu. Adada anavomera msanga. Iwo ankafuna ndidzakhale mphunzitsi, chifukwa ndiyo ntchito yapamwezi imene ankaiona tsiku ndi tsiku kwathuko. Ndinadula mzere pa sayansi ndi pensulo, osadziwa kuti ukaisiya pamenepo waisiyiratu.

A Mwale atamva, anaika tsamba pansi.

"Wasankha ndiwe, kapena lasankha ndi gulu?"

"Tonse tasiya, agogo."

"Tonse ndani? Ine fodya wa munda umodzi sindimuponya pa mulu umodzi. Mawa usavale yunifomu, tili ndi ulendo."

Adada anang'ung'udza kuti mwana ajomberenji sukulu, koma a Mwale anangoti, "Mundibwereke tsiku limodzi lokha. Akabwera n'kunenabe za uphunzitsi, choko choyamba ndidzamugulira ndine."

Tinanyamuka mame asanaume. Pa njinga anati ndipalase ndine, poti mawondo awo anali atayamba mwano. Tinadutsa minda yokololedwa, mapesi a fodya ataima mbuu mpaka kumene maso amalekezera, mwera ukutiwomba m'makutu. Pamsewu tinasungitsa njinga n'kukwera matola, ndipo phiri la Kasungu linkatuluka pang'onopang'ono m'nkhungu ngati likudzuka kumene.

Kuchipatala cha paboma kunkagwira ntchito mwana wa mnzawo wakale wa kuesiteti, mayi wovala gauni yoyera amene ankayeza magazi mu labu. Anaika kagalasi kopaka magazi pa makina oonera tizilombo, anayatsa nyali yake, n'kundiuza kuti ndisuzumire. Ndinaona timiyezi tambirimbiri totuwa, tili phee, ndipo ndinaiwala kuti ndili m'chipinda cha anthu. M'kati mwa kamodzi munali kadontho ndi kamphete.

"Aka n'kosiyana ndi tinzake," ndinatero.

Mayi aja anasuzumira, kenako anandiyang'ana ine. "Amenewo ndi malungo. Ena amavutika masiku asanawaone. Uli fomu yanji?"

Anatembenuza pepala langa lija n'kulemba kumbuyo kwake njira yonse: maphunziro oyenera kugwiritsitsa, magiredi ofunika pa mayeso a Fomu 4, ndi sukulu ya zaumoyo yokapitako pambuyo pake. Nditawauza kuti masamu amandikana, anaseka. "Inenso ankandikana. Ndinawakakamira mpaka anandizolowera."

Pomaliza anati, "Agogo, nanunso onaniko." A Mwale anawerama, anakhala kanthawi diso lili pamakina, n'kudzuka akumwetulira. "Zokongola ndithu." Koma nyali ija mayiwo anali ataizimitsa polemba, ndipo anaiwala kuyatsanso. M'menemo munali mdima wokhawokha. Pamenepo ndinakumbukira kusisita masamba kuja, kununkhiza kuja, ndi mawondo amene sanawalepheretsepo kulima.

Pobwerera, tikukankha njinga pa mchenga, ndinalimba mtima.

"Agogo, kodi simuona?"

Anayankha akuyendabe. "Ndimaona dzuwa ndi zithunzithunzi. Chaka chachitatu chino fodya wanga ndikusankha ndi maso ako, ndipo ku okushoni sanabweze belo ngakhale limodzi. Ukasiya sayansi, Loweruka lako lonse likhala langa, ndipo kwa ine n'zabwino zedi. Koma maso amenewo si a fodya yekha, mwanawe."

Ndinalira njira yonse, iwo akundiseka kuti ndiwagwetsera m'dzenje. Nditafika ndinafufuta mzere uja mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Adada anawerenga zakumbuyo zija kawiri, n'kusaina.

Kuyambira pamenepo a Mwale anandiletsa kulowa m'chigafa. Loweruka ankandithamangitsira kwa aphunzitsi a masamu, ndipo ndikazemba n'kubwera mwakachetechete, ankandizindikira ndi mayendedwe. "Tadala, tuluka. Pano palibe mayeso." Chaka chotsatira mabelo awo anabwezedwa chifukwa chosakaniza masamba. Sanadandaule kwa munthu. Chaka chinacho sanafesenso nazale, ndipo chigafa chinayamba kugwa pang'onopang'ono.

Anamwalira ndili kusukulu ya zaumoyo, osandiona ndi gauni yoyera, ngakhale akanakhalapo akanangoisisita ndi chala. Lero Limbani ali ndi galaja yake, ine ndimayeza magazi mu labu. Ndimawasowa kwambiri madalawo. Ana asukulu akabwera kudzaona ntchito yathu, sindiwauza onse zofanana, ndimayamba ndamufunsa aliyense chimene amaiwalika nacho akachigwira. Ndipo anzanga amandiseka chifukwa ndikasuzumira m'makina ndimayankhula ndekha, kutchula chilichonse chimene ndikuona. Sadziwa kuti ndimakhala ndikuwauza a Mwale.