Achimwene Anabwera Titawalira Kale

Fungo la gazolina wopsa likandipeza m'mawa wozizira, ndimabwerera ku Assumane, dera lathu la ku Lichinga, kuseri kwa nyumba ya Che Amadi, kumene jeradoro yaing'ono yopangira magetsi inkatsokomola pansi pa mtengo wa mapichesi. Utsi wake unkasakanikirana ndi wa nkhuni za paini ndi fungo la masaka onyowa amene ankatchinga mazenera. Chinali chisanu choyamba nkhondo itatha. Nkhungu inkagona pa Lichinga mpaka dzuwa litakwera, milomo yathu inali yong'ambika, miyendo yotuwa ngati tagona m'phulusa. Sikola inali pa feriya, tchuthi, ndiye m'mawa tinkakumba batata, mbatatesi zathu za kuno kumtunda, masana n'kuthamangira kwa Che Amadi kukaonera mafilimu.

Che Amadi anali Myao wamalonda, woyamba kubweretsa televizau ndi makina a kaseti m'bairo, m'dera mwathu muno. Chipinda chawo chinali cha njerwa zosawotcha, mabenchi a matabwa a paini osapala amene ankatisiyira utomoni pa makabudula. Masana enieni m'katimo munali mdima. Mwana wopanda kanthu m'thumba ankabwera ndi batata m'malaya, Che Amadi n'kumugwedezera mutu kuti alowe. Azungu a mufilimu ankalankhula chilankhulo chimene palibe ankachimva, ndiye mwini malo ankaima pambali pa televizau n'kumatimasulira m'Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao. Lero ndimakayika ngati iwonso ankamva kanthu. Koma ankanena molimba mtima, ife n'kumakhulupirira.

Makaseti ankhondo ankawasiya m'bokosi, poti anthu anali atakhuta nazo zimenezo. Ife tinkafuna a terori, oopsa aja. Yanga yapamtima inali ya akufa otuluka m'manda. Dothi linkagwedezeka, dzanja lotuwa n'kutulukira, kenako mutu. Ankayenda pang'onopang'ono akukoka mwendo, manja ali kutsogolo ngati munthu wofufuza chitseko mumdima. Amoyo ankathawa, ankakhoma mazenera ndi misomali, pamapeto pake n'kuwatentha onse ndi moto. Ndinkaikonda chifukwa inali yosavuta kumva. Akufa uku, amoyo uku, ndipo amoyo ankapambana. Tikatuluka, maso akuthobwa ndi dzuwa, tinkayenda choncho msewu wonse, tikukoka miyendo ndi kubuula, mpaka amayi ogulitsa mandasi pakona atatitukwana.

Kwathu tinali naye wakufa wathu. Achimwene anga a Bernardo anatengedwa ndi anthu amfuti pa njira ya ku Chimbonila akuchokera kumunda, ine ndili wamng'ono. Patapita nthawi, munthu wina wothawa kuthengo anadzanena kuti anawaona akugwa powoloka mtsinje, ndipo sanadzukenso. Makolo anadikira mvula zingapo. Kenako anachita zimene mabanja ambiri ankachita masiku amenewo: anadula thunthu la nthochi, analikulunga mu kapulana, chitenje, n'kulikwirira m'malo mwa thupi. Tinalira, tinameta, zovala zawo zinagawidwa. Ine ndinalandira kazako yawo, jekete yabuluu, imene manja ake ankapitirira zala zanga. Dzina lawo linasiya kutchulidwa pakhomo.

Anatulukira masana ena tikusankha batata pabwalo. Pampanda panaima munthu wamtali, woonda, wofunda bulangete loboola pakati, phazi limodzi lomanga ndi sanza. Ine sindinamudziwe. Amayi anagwetsa lichero n'kuthamanga, koma atatsala pang'ono kumukhudza, abambo anawagwira mkono.

"Musamukhudze, amake Bernardo. Tinamuika uyu."

Ndinene mosabisa, abambo sanali munthu wankhanza. Mwambo wake unali wotero. Munthu amene munamulira n'kumumetera salowa m'nyumba, sadya nanu mbale imodzi, sakhudzidwa, mpaka atasambitsidwa mankhwala, zovala za kuthengo zitatenthedwa, thunthu lija litafukulidwa. Mukaphwanya, imfa imene munaikwirira yopanda mwini imalowa m'nyumba kudzadzisankhira mwini wake pakati pa ana otsala. Ndipo woyendetsa zimenezi si bambo wobereka ayi, koma mjomba, mlongo wa amayi. Amjomba athu ankakhala kupitirira Chimbonila, kumene msewu unali udakali ndi mabomba okwirira pansi, ndipo uthenga unkayenda ndi miyendo ya anthu. Yankho linabwera lakuti afika akatha kukolola nyemba.

Achimwene anapatsidwa kanyumba kosungira batata kuseri kwa khitchini. Amene amadziwa chisanu cha Lichinga akudziwa zimene ndikunena. Mphepo inkalowa m'ming'alu ya khoma, ndipo m'mawa ankatuluka akunjenjemera, akununkha dothi ndi batata zowola. Pakati pa bwalo panali mwala waukulu wosinjirapo, ndipo unasanduka malire. Amayi ankaika mbale pamenepo n'kubwerera m'mbuyo, achimwene n'kudzatenga. Ankadya atatembenukira kumpanda. Amayi ankaima pakhomo pa khitchini ndi chikombe m'manja, osachita nacho kanthu, mpaka mbale ija itabwerera pamwala.

Ndinavula kazako ija kuti ndiwabwezere. Abambo anati ayi, chagawidwa chagawidwa mpaka amjomba afike. Ndinaiponya pansi n'kuipondaponda pamaso pawo, ndipo ndinakwapulidwa bwino lomwe. Mtima wapachala ndinabadwa nawo. Mkazi wanga angakuuzeni kuti sunathe.

Ana a m'bairo sanachedwe. Zeka, mnzanga wa benchi limodzi kwa Che Amadi, anayamba kudutsa pampanda pathu akukoka mwendo, manja kutsogolo, anzake akuimba pambuyo kuti "mortu-vivu, mortu-vivu," wakufa wamoyo. Achimwene anali atakhala padzuwa akumasula sanza ya kuphazi, ndipo anaona zonse. Ndinalumpha mpanda, ndinamugwetsera Zeka m'ngalande, n'kumuthyola dzino lakutsogolo. Mpaka lero tikakumana pa merkado, pamsika, amandisekerera ndi mpata umenewo, ndipo sindinapepesepo.

Nditabwerera, magazi a Zeka ali pamalaya, achimwene anandiitana ali tsidya lawo la mwala.

"Iwe, mayendedwe aja awatenga kuti?"

"Kwa Che Amadi, achimwene. Ndi za mufilimu."

"Mawa unditenge. Ndikawaone abale angawo."

Mwambo unaletsa nyumba yathu, koma za chipinda cha Che Amadi sunanenepo kanthu. Titalowa, anthu anasendera kutali mpaka benchi lakumbuyo linatsala lopanda munthu. Che Amadi anawayang'ana kuchokera kuphazi mpaka kumutu, kenako anati, "Lowani, mwanangu. Muno akufa timawalandira tsiku ndi tsiku." Anaika kaseti yanga ija. Dzanja litatuluka m'dothi, ana aang'ono akubisa nkhope, kumbuyo kunamveka chinthu chimene sindinachimve chibwerere achimwene. Ankaseka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Akunama awa," anatero. "Wakufa samva njala. Njala ndi ya amoyo. Ndipo wakufa amatupa. Awa aonda chonchi, afa liti?"

M'chipindamo palibe anafunsa kuti zimenezo akuzidziwa bwanji. Koma kuyambira tsiku limenelo ankapita nane masana aliwonse, ndipo pang'onopang'ono benchi lakumbuyo linayamba kudzaza. Pobwerera ankalankhula. Ankandifunsa za sikola, za anzawo akale, kuti wakwatira ndani, wapita kuti. Tinkayenda moyandikana, mpata wa dzanja limodzi uli pakati pathu. Mumtima mwanga nkhani inali itatha. Amjomba afika, madzi athiridwa, achimwene alowa m'nyumba, ine n'kugona nawo mphasa imodzi.

Ndiye kunabwera kaseti yatsopano, imene dalaivala wina anabwera nayo kuchokera kunyanja ya mchere. Munalibe manda, munalibe magazi. Munali mkazi ndi ana ake m'nyumba yamatabwa, m'dziko loyera mbee ndi chisanu. Mwamuna wake anali atafa paulendo, ataikidwa. Koma ankabwera n'kuima panja pa zenera, chipewa chili m'manja, n'kugogoda pang'onopang'ono. Basi. Sankathyola chitseko, sankaluma munthu. Ankangogogoda, mkazi uja atakumbatira ana ake, akupemphera.

Che Amadi anali pamalo pawo, akumasulira monga mwa masiku onse. "Akuti, ndine, tsegula, kunja kukuzizira. Mkazi akuti, tinakuika kale iwe, bwerera kwanu." Atanena mawu amenewo anayang'ana benchi lakumbuyo, anatsokomola, ndipo anakhala pansi. Filimu yonse yotsalayo inatha popanda mawu awo. Ana a m'chipindamo anatopa nayo, anayamba kugenda makoko a mtedza, akuti asinthe kaseti. Mkazi uja sanatsegule. Pomaliza kunacha, panja panali mapazi olowera kuthengo, ndipo nyimbo yake inali yachimwemwe, kusonyeza kuti banja lapulumuka.

Achimwene anaonera mpaka pamapeto, manja ali pakati pa mawondo. Titafika pampanda anaima, akuyang'ana utsi wotuluka padenga la khitchini.

"Mkazi uja sanalakwe," anatero. "Ali ndi ana."

Sipanapite masiku ambiri. M'mawa wina, nkhungu isanachoke, anapinda bulangete lawo n'kuima pamwala paja. Anali atagwirizana ndi kamiyau, lole ya ogula usipa yotsikira kunyanja ku Meponda. Abambo anatuluka akumanga lamba.

"Dikira amjomba ako, Bernardo. Atsala pang'ono."

"Ndamva, abambo." Kenako anatembenukira kwa amayi. "Amayi, kunyanja kulibe chisanu. Ndiponso kulibe amene anandilira."

Amayi anagwada tsidya lawo la mwala, manja ali pa mwalawo. Achimwene anagwadanso tsidya lawo, anawomba m'manja motsazika, ananyamuka, n'kumapita akukoka phazi lija. Sindinalire. Ndinathamangira kwa Che Amadi ndi miyala m'kazako, n'kugenda denga lawo mpaka mkono unatopa. Anatuluka atavala kanzu, mkanjo wawo, anandiyang'ana, ndipo sanandithamangitse. Anangodikira kuti miyala ithe.

Amjomba anafika mphepo yafumbi itayamba, atanyamula mizu m'thumba ndi nkhuku kukhwapa. Anapeza kanyumba ka batata kali ndi batata zokhazokha. Anatsikira ku Meponda ndi abambo, koma anabwerako awiri omwewo. Banja lina la asodzi linali litawalandira achimwene, ndipo tsiku loyamba lomwelo anadya nawo mbale imodzi, osafunsa zambiri. Achimwene anawalandira amjomba mwaulemu, anawapatsa nsomba zouma, koma zosamba mankhwala anakana. Pambuyo pake analowa Chisilamu, anakwatira mwana wa pakhomo pomwepo, ndipo ali komweko mpaka lero, ndi adzukulu. Kumtunda kuno amabwera. Amabweretsa usipa, amapereka moni kwa aliyense, amakhala pakhonde. M'nyumba sanalowepo. Pamaliro a amayi anakhala panja monga amuna onse amachitira, ndipo kanali koyamba kuti kukhala kwawo panja kusaoneke kwachilendo.

Ana anga amaonera mafilimu oopsa pa telefoni, ndipo nthawi zina amandifunsa imene ndinkaikonda. Ndimawauza ya akufa otuluka m'manda, ndipo imeneyo ndingaonerenso lero ndikudya mtedza. Akandifunsa imene ndinkadana nayo, ndimawauza kuti akatunge madzi. Dzina lake sindilidziwa, ndipo sindinaifunefunepo.

Ndili mwana ndinkati kaseti ija ndiyo inandilanda achimwene. Ndinkati dalaivala uja akanaiiwala kwawo, kapena jeradoro ikanafa tsiku limenelo, amjomba akanawapeza. Ndinkatinso anachoka atakwiya, poti ine ndikanakwiya. Kaya anakwiya, kaya ayi, sananenepo, ndipo ine sindinafunse. Koma tsopano ndili ndi ana anga ogona m'nyumba, ndipo ndimaganiza kuti tsiku lija tinaonera mafilimu awiri osiyana. Ine maso anga anali pa munthu wa panja pa zenera, ndikudikira kuti amutsegulire. Achimwene za munthu wa panjayo ankazidziwa kale. Iwo ankayang'ana mkazi wa m'nyumba uja, mmene ankavutikira nthawi iliyonse kugogoda kukamveka, ndi mmene anapumira kutasiya.