Sitalaka ya Mphaka wa Aneba

Aneba athu, mkulu amene anakalambira ku migodi ya ku Joni, amaweruza chilichonse ngati kapitawo. Nkhuku ikasiya kuikira amati ndi ulesi, mvula ikachedwa amati yajomba. Kuchipatala sapondako. "Anandipima kale ndisanalowe mumgodi," amatero, "zinakwana."

Ali ndi mphaka amene amapirikitsa makoswe pa kachewere yemwe ndimapikula kwa iwo kukagulitsa ku Lizulu. Mwezi watha mphakayo anayamba kukodza timadontho paliponse, ngakhale m'jombo zawo, uku akulira.

"Sitalaka imeneyi," anagamula motero, n'kumudula usipa.

Nditaona timagazi pathumba la kachewere pomwe anakodza, ndinaitana alangizi a ziweto. Iwo anati mwina ndi chikhodzodzo, ndipo mkodzo ukatsekeka mphaka sachedwa kufa.

"Amapita pafupipafupi?" anafunsa alangiziwo. "Amadzikakamiza koma kutuluka pang'ono?"

"Eee, ndipo kumawotcha," anayankha mkuluyo, "makamaka kukazizira."

Akazi awo anaika lichero pansi. "Kodi bambo, mphakayu anakuuzani liti kuti kumawotcha?"

M'mawa mwake mphaka anapita kwa alangizi ali m'dengu. Akapitawo ndinakumana nawo panjira ya kuchipatala, akuuza aliyense kuti akungoperekeza akazi awo.