Funso la Misala pa Fomu ya Chamba

Mapazi anga anayamba kuwotcha nditangopuma pantchito yokankha odwala pa machira m'chipatala. Ankamveka ngati ndaponda phulusa lamoto, koma ndikawagwira ndi dzanja anali ozizira. A dokotala akwathu ku Ilford, kuno kudziko la azungu, anati shuga wadya mitsempha. Mapilitsi oyamba amene anandipatsa ankandiyendetsa dzandidzandi, mpaka tsiku lina ndinagwa potsika basi. Achiwiri ananditupitsa akakolo. Ululu unali pomwepo, ndipo nsapato ndinkaziona ngati adani.

Chimwalirireni mkazi wanga ndimakhala ndi mwana wanga wamkazi, yemwe ndi nesi. Tsiku lina atabwera ku shifiti anakhala pa mpando osavula ngakhale jekete.

"Adadi, pali mankhwala ena oti tiyesere. Koma musakuwe."

"Ndikuwirenji?"

"Ndi chamba."

Ndinaseka, iye sanaseke. Ndinamufunsa ngati akunena boma lomweli limene apolisi ake amasecha anyamata m'matumba pa siteshoni. Anati lomwelo. Chamba n'choletsedwa, koma dokotala wamkulu akachilembera wodwala amene mankhwala awiri amukanika, chimaloledwa.

"Ndiye n'choletsedwa kapena n'chololedwa?"

"Zonse ziwiri, Adadi."

Anapitiriza kuti a dokotala athu a masiku onse sangachilembe. Iwo angotipatsa pepala la mbiri ya matenda anga, ife tilitumize ku kiliniki ina ya pulayiveti. Kilinikiyo sitipitako ndi miyendo, tionana nawo pa laputopu. Akavomera, kusuta ndi moto n'kosaloledwabe, adzandipatsa mafuta odonthetsa pansi pa lilime. Ndinamva mawu onsewa limodzilimodzi, koma pamodzi sanagwirane.

Lamlungu ku tchalitchi kwathu ku Peckham ndinalakwitsa kunong'oneza mnzanga wina wa ku Zambia, amene timatolera naye mipando mapemphero akatha.

"Ba mudala, imwe? Ba dikoni na chamba?" Anagwira mpando kuti asagwe ndi phwete. "Nimvela bamapasa ka khadi. Kapokola akakugwilani, muonesa chabe ka khadi, akupasani na saluti. Muzatigawilako ku bungwe ya amuna?"

"Tsitsani mawu, achimwene."

"Awe, nisekela chabe. Ngati mendo yababa, tengani. Mulungu ndiye anapanga mayani yonse."

Ndinabwerera pa sitima ndikuganiza za khadi. Ndinkaliona ngati chiphaso chokhala ndi chidindo cha boma, chouza apolisi kuti munthu uyu musamugwire.

Fomu tinaidzaza Loweruka masana pa tebulo la kukhitchini. Mwana wanga ankawerenga Chingerezi pa laputopu n'kumandimasulira pamene ndakodwa. Kulemera kwanga, mankhwala amene ndinayesa, ngati ndimamwa mowa, ngati mtima unandivutapo. Tinkayenda bwino. Kenako anawerenga mothamanga, chala chili kale pa batani.

"M'banja mwanu, makolo kapena abale a bere limodzi, alipo amene anadwalapo misala? Ayi, eti?"

"Dikira."

Anandiyang'ana. Ndinamufunsa kuti munthu akayankha inde zimatha bwanji. Anati kawirikawiri amakana, chifukwa chamba chimatha kudzutsa matendawo mwa munthu amene ali nawo m'magazi. Ndinati mapazi andivuta, tipitirize tsiku lina, n'kulowa kuchipinda.

Mwana wanga ankadziwa kuti ndinali ndi mng'ono wanga amene anamwalira iye asanabadwe. Ankadziwa kuti chinamutenga ndi chifuwa. Zinazo sindinamuuzepo, ngakhale amayi ake ndinangowauza theka.

Ine sukulu ndinayamba mochedwa, ndevu zitayamba kale kumera. Ndinkakhala kumbuyo kwa kalasi, mawondo osakwana pansi pa desiki, ana aang'ono akunditcha agogo. Komabe pofika Sitandade 6 ndinali munthu yekhayo pa mtundu wathu wonse kwathu ku Nkhotakota wotha kulemba kalata ya Chingerezi. Kunyumba kwathu kalata inkalembedwa motere: akulu amakhala pa mpando n'kumayankhula, wodziwa kulemba amakhala pansi n'kumalemba. Wolemba safunsa. Iye ndi dzanja chabe.

Mng'ono wangayo sukulu sanaifune. Anali wanthabwala, wodziwa kuimba, wamakani. Analima chamba kuseri kwa phiri pakati pa chinangwa, ndipo apolisi anamugwira ndi matumba awiri pa njinga. Masiku amenewo ndende inkapha. Amalume athu, eni mbumba, anamva kwa munthu wina kuti wamisala samangidwa, amangopita naye kuchipatala, akamubaya jakisoni miyezi ingapo n'kumubweza. Anandiitanitsa kusukulu, anandikhazika pansi, n'kuyamba kuyankhula. Ndilembe kwa a majisitireti kuti mnyamatayu mutu wake sukoka, amayankhula yekha, amavula pagulu, banja lonse likuchitira umboni. Amayi analipo, anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinalemba.

Koma pali china chimene amalume sananene. Sabata imeneyo tinali titaphunzira mawu atsopano m'kalasi, ndipo limodzi linali lotanthauza munthu woopsa, wotha kuvulaza anzake. Linali liwu lalitali, lokoma polilemba, ndipo ndinkafuna a majisitireti aone kuti m'mudzi muno muli munthu wophunzira. Ndinaliika kumapeto, n'kuwonjezera kuti amathamangitsa ana ndi chikwanje. Powerengera akuluwo m'Chichewa, mzere umenewo ndinaulumpha.

Mng'ono wanga anamutengeradi kuchipatala cha amisala, koma sanabwere patapita miyezi ingapo. Anakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Pobwera anali wonenepa modabwitsa, manja akunjenjemera, dovu likutsika osalimva. Sankaimbanso. Ankakhala pakhonde kuyang'ana nkhuku, ndipo tsopano ankayankhuladi yekha. Anthu ankati, mwaona, chamba chimapengetsa. Ine ndinkavomereza nawo. Pofika nthawi imene chifuwa chinamutenga, ndinali nditazolowera kunena kuti ndinali ndi m'bale wodwala mutu, moti ndinkazikhulupirira masiku ambiri.

Tsopano fomu inkafuna liwu limodzi. Ndikati inde, mankhwala andikana, ndipo ndikhala ndi moto m'mapazimu mpaka kumanda. Ndikati ayi, ndiye kuti ndavomera kuti munthu wabwinobwino ndinamutsekera ndine. Chimene chinkandizunguza kwambiri n'chakuti sindinkadziwa yankho loona. Zaka zimenezo ndinkagonera kusukulu, kunyumba ndinkabwera pa holide. Ndimakumbuka akuseka yekha polima. Koma kodi alipo mlimi amene sanasekepo yekha m'munda?

Sabata yonse ndinkazemba laputopu. Mwana wanga anatopa nane.

"Adadi, fomu siipita bokosi ili lili lopanda kanthu. Alipo kapena palibe?"

"Lemba kuti ndikafotokoza pamaso."

"Palibe malo olembapo zimenezo. Pali inde, pali ayi."

Anafufuza mpaka anapeza kabokosi ka ndemanga kumapeto. Anachonga inde, n'kulemba m'kabokosimo kuti bambo anga sakutsimikiza, akufuna kuyankhula ndi dokotala. Sanandifunse zambiri, koma nkhope yake inali ya nesi, osati ya mwana.

Tsiku lokumana ndi dokotala ndinavala jekete ndi tayi, ngakhale kumapazi ndinali ndi masokosi okha. Pa laputopu panaoneka mayi wa imvi, kumbuyo kwake kuli shelefu ya mabuku. Anafunsa za shuga, za kugwa kuja, za tulo. Kenako anafika pa bokosi lija. Chingerezi changa, chimene chinandigwirira ntchito zaka zonsezi m'makonde a chipatala, chinathawa. Ndinayamba kuyankhula Chichewa, mwana wanga n'kumamasulira.

Ndinanena za matumba awiri, za amalume, za kalata. Mwana wanga ankamasulira ndi mawu osakwera osatsika, maso ali pa laputopu. Nditafika pa chikwanje anaima.

"Adadi, chikwanjecho chinalipodi?"

"Masulira zimene ndanena."

"Ndikufunsa ine."

"Panalibe."

Anatembenukira ku laputopu n'kumasulira. Dokotala uja sanadabwe, kapena anabisa bwino. Anafunsa ngati mng'ono wanga asanagwidwe ankamva mawu amene ena sakuwamva. Ndinati sindikudziwa. Ngati ankaopa kuti anthu akumulondola. Ndinati apolisi ankamulondoladi. Anamwetulira pang'ono. Ngati kuchipatalako anatiuza dzina la matenda ake. Ndinati palibe anatiuza kanthu, ndipo ife sitinafunse, chifukwa matendawo tinawapititsa ndife pa pepala.

"Ndiye inuyo mukuona bwanji?" anafunsa kudzera mwa mwana wanga. "Asanalowe m'chipatala, ankadwala?"

Mapazi anali akuyaka pansi pa tebulo. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ayi. Sankadwala. Ndinanama ine."

Dokotala analemba kanthu. Anati nkhaniyi akakambirana ndi madokotala anzake, atiyankha. Nkhope yake inazimiririka, ndipo pa galasi lakuda panatsala ine ndi tayi wanga. Mwana wanga anadzuka, anatsuka makapu amene anali otsuka kale, n'kupita kuntchito nthawi isanakwane.

Patapita masiku khumi anayankha kuti avomera, koma ayamba ndi mafuta ofooka kwambiri, ndipo azindiona pafupipafupi. Botolo linabwera ndi munthu wa njinga yamoto amene anandisainitsa pakhomo ngati ndalandira nsapato. Khadi linabwera padera mu envulopu. Linali la pulasitiki, lokhala ndi chithunzi changa ndi chizindikiro cha kiliniki. Chidindo cha boma panalibe.

"Ndiye ili ndi limene ndizionetsa apolisi?"

"Mutha kuwaonetsa, koma si lamulo. Chofunika ndi botolo lokhala ndi dzina lanu, ndi pepala la dokotala. Muziyenda nazo zonse."

"Nanga khadi ndi la chiyani?"

"Lothandiza kufotokoza."

Aka kanali koyamba kuti tiyankhulane mawu opitirira moni chichitikireni za pa laputopu zija. Botolo ndinaliika pamwamba pa firiji osatsegula. Masiku anayi linakhala pamenepo. Chinkandiletsa n'chakuti sindinkadziwa chimene chinayankha dokotala uja, ine kapena mapazi. Zaka zonsezi ndinkati ankadwala chifukwa zinkandipeputsa. Tsopano ndati sankadwala pa tsiku limene yankho limenelo linali ndi phindu kwa ine. Munthu wotere mungamukhulupirire pati?

Tsiku lachisanu mwana wanga anaika foni yake patsogolo panga.

"Azakhali alipo. Iwo anali pakhomo nthawi yonseyo. Afunseni."

Mlongo wanga, amene akadali kumudzi, ndiye wamkulu kwa tonse, ndipo makutu ake anayamba kutseka. Foni inalira nthawi yaitali, anayankha mdzukulu, anathamanga nayo kudimba. Tinalonjerana mokuwa. Anandiuza za mvula, za bondo lake, za mbuzi imene inalowa m'tchalitchi. Kenako ndinafunsa.

"Alongo, malemu mng'ono wathu uja. Asanamutenge apolisi, mutu wake unali bwino?"

"Ati chiyani?"

"Ankadwala misala?"

"Ndani, uja? Iii, amene uja anali wamakani basi. Wamisala anali malume ako, amene anagulitsa ng'ombe kuti agule wailesi." Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Koma ankalankhula yekha, eee. Kuyambira ali mwana. Amayi ankati akucheza ndi azigogo."

"Ndiye ankadwala kapena ayi?"

"Ukufunsiranji zakale? Iwe unalemba zimene anakuuza. Ukanakana, mwana?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze za mzere umene ndinaulumpha powerenga. Foni inayamba kudukaduka, mawu ake akubwera zidutswa, kenako inaduka. Mwana wanga anafunsa ngati aimbenso. Ndinati ayi, kenako ndinati inde, kenako ndinati tidikire Lamlungu.

"Ndiye ati chiyani?"

"Ati wamisala anali amalume. Kodi amalume amawerengedwa pa fomu ija?"

Anaseka, kuseka kotopa, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Sawerengedwa, Adadi."

"Komanso ati ankalankhula yekha kuyambira ali mwana."

Kuseka kunatha. Anati zimenezo tikawauze a dokotala pa ulendo wotsatira, mawu ake enieni, osachotsa osawonjezera, iwo ndiwo aone. Ndinavomera. Anatsitsa botolo pa firiji, anawerenga pepala lake kawiri, n'kukoka mafuta pang'ono m'kachubu.

"Kwezani lilime. Musameze msanga."

Anali owawira, onunkha ngati udzu wonyowa. Ndinakhala chokweza lilime, osatha kuyankhula, iye akuyang'ana wotchi yake ya pachifuwa ngati mmene amachitira ndi odwala ake.