Galu woopa munthu wowerama

A Virginia, mayi woyanika matemba pa doko la Kachulu, amadziwika ndi zinthu ziwiri, pakamwa ndi dzanja. Za pakamwazo musafunse, ogula nsomba ochokera ku Zomba amayamba ameza malovu asananenerere mtengo. Koma chimene eni ake ankanyadira ndi dzanjalo. Ku Kachulu galu akayandikira thandala la nsomba munthu sataya mawu, amangowerama, kutola chibuma, phaa! Ena amaphonya. A Virginia pa zaka makumi awiri sanaphonyepo.

Tsiku lina nyengo yachisanu anagenda kagalu kofiirira, kowonda nthiti zikuwerengeka, kamene kankanunkhiza pansi pa thandala lawo. Chibumacho chinali chouma gwa ndipo chinakapeza mwendo wakumbuyo. Kagaluko kanalira ngati khanda, n'kudzikoka kulowa m'mabango. Atapita kukaona chimene kabedwa, a Virginia anapeza matemba onse ali bwinobwino. Kanthuko kamangonyambita mamba ogwera pansi. Zinawakhala pamtima tsiku lonse. Poweruka anakafunafuna m'mabangomo, n'kukaphimba ndi thumba, n'kukasenza m'dengu mpaka kwawo. Sanauze munthu kuti mwendowo wathyoka bwanji.

Amuna awo, a Saulos, mlimi wa mpunga, anakondwa kuti pakhomo pabwera mlonda, ndipo anamutcha galuyo Kambuku. Dzina lokhalo ndi limene linali laukali. Kambuku analowa pansi pa nkhokwe n'kupasandutsa mudzi wake. Mwendo unapola mopindika, thupi linabwerera, koma mtima ayi. Nkhuku ikakupiza mapiko, iye njenjenje. A Virginia akabwera ndi mbale ya mitu ya milamba, n'kuwerama kuti aiike pansi, galuyo ankakuwa ngati wapsa ndi moto, kudzikodzera, n'kuthawira kuseri kwa bafa. Ankadya pokhapokha pabwalo pakakhala popanda munthu.

Miyezi itatu inatha choncho, ndipo a Virginia si munthu wodziwa kudikira. Anayesa likhweru. Anayesa kumuyankhula ndi mawu ofewa amene ngakhale a Saulos sanawalawepo. Anamumanga chingwe kuti azolowere anthu, galuyo anazungulira nacho mpaka anatsala pang'ono kudzipotokola khosi. Anafika pomugwadira, mayi wamkulu wa mvano kugwadira galu, koma akangoyamba kupinda msana Kambuku wapita kale.

"Galu wanji wosayamika ameneyu!" ankakalipa, mbale ili m'manja. "Ndimane ana milamba chifukwa cha iwe, iwe n'kumandiona ngati mfiti?"

A Saulos anali ndi mankhwala awo. "Mumusinjire mavu m'chakudyamo, mayi. Agalu onse aukali kuno anadya mavu."

"Mavuwo mudye ndinu, mwina mbalame zingayambe kukuopani kumunda."

Ku doko nakonso mpumulo kunalibe. A Falida, mnzawo woyandikana naye thandala, amene mwa chipembedzo chawo sakhudza galu n'komwe, ankawalandira ndi funso lomwelomwelo m'mawa uliwonse. "Achemwali, mlendo wanu uja wayamba kupereka moni?"

Mu Okutobala galu wachiwewe analuma mwana m'mudzi woyandikana nawo, ndipo nkhani inasiya kukhala yoseketsa. Anthu anagwirizana pamsonkhano kuti a za ziweto akabwera kudzabaya katemera pakatha masabata atatu, galu aliyense wopanda kapepala ka katemerayo aphedwa. Obayawo sayenda khomo ndi khomo. Amakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ndipo mwini galu amabwera naye yekha, pakati pa chikhamu cha anthu, njinga ndi maminibasi. A Virginia anayang'ana pansi pa nkhokwe. Galu wosalola kukhudzidwa akafika bwanji kumeneko?

"Musiyeni, agalu ndi ambiri," anatero a Saulos.

Sabata yoyamba inapita pachabe. Lachiwiri la sabata yotsatira msana unawagwira, analephera kupita ku doko. Anakhala pansi pabwalo, miyendo tambalale, akusankha timiyala mu mpunga wa m'lichero, mtima uli fwa ndi mkwiyo, galu atamuiwala dala. Ali choncho anamva kanthu kozizira pachidendene. Inali mphuno ya Kambuku. Anaumira pomwepo osapuma n'komwe, galuyo akununkhiza phazi, chitenje, mpaka lichero. Atatopa, a Virginia anadzuka pang'onopang'ono, ndipo galuyo anangosendera pang'ono osathawa. Kenako anawerama kuti atole lichero lija. Kambuku anakuwa, fumbi kobo, wapita.

A Virginia anaima ndi lichero m'manja, manyazi atawagwira. Galu wa ku doko amadziwa chinthu chimodzi, kuti munthu akawerama chibuma chili m'njira. Miyezi yonseyi iwo amabwera ndi chakudya n'kuchita ndendende chimene anachita tsiku lomuthyola mwendo, kawiri pa tsiku, kenako n'kumamunena kuti ndi wosayamika.

Kuyambira tsikulo pakhomopo panakhazikitsidwa lamulo loti pabwalo pasapezeke wowerama. A Saulos ankakapopera njinga kuseri kwa nyumba akung'ung'udza. A Virginia ankayamba akhala pansi chapatali, n'kumadzikhwekhwereza ndi matako, mbale ili pamiyendo, odutsa m'njira akuseka mpaka kugwira m'mimba. Tsiku lachinayi galuyo anadyera m'dzanja lawo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi analola chingwe. A Virginia anapempha amayi oyandikana nawo kuti azibwera kudzakhala pansi pabwalopo osamuyang'ana galuyo, azingocheza zawo. Nawonso a Falida anabwera, n'kukhala patali pa mkeka wawo, akuti adzaone ndi maso awo misala ya mnzawo.

Sikuti zinayenda myaa. Tsiku loyamba kupita naye kumsewu, minibasi inaliza hutala ndipo Kambuku anawakoka a Virginia mpaka kugwera m'ngalande. Masiku awiri otsatira anakana kutuluka pansi pa nkhokwe. A Virginia analira ndi ukali, n'kunena mawu osayenera mayi wa mvano, kenako n'kukhalanso pansi.

Tsiku la katemera anafika mochedwa dala, anthu atachepa. Anakhala pansi kumapeto kwa mthunzi, Kambuku atabisa mutu m'khwapa mwawo, thupi lonse likunjenjemera. Wobaya katemerayo, bambo wovala khoti loyera wotchedwa Aubrey, anabwera ndi jakisoni ali wotopa, n'kuyamba kuwerama.

"Musawerame!" anakuwa a Virginia. "Chonde achimwene, khalani pansi kaye. Mutambalale ngati ine."

"Mayi, lero ndabaya agalu oposa zana. Palibe amene ndamukhalira pansi."

"Uyu mumukhalira. Mukawerama athawa, ndipo akathawa lero mawa amupha."

Anthu otsalawo anayamba kuseka. Wina anakuwa kuti galu wa a Virginia akufuna ulemu wa apongozi. Aubrey anayang'ana khoti lake, anayang'ana fumbi, n'kupukusa mutu. "Ndiye galu wamantha chonchi mukumusungiranji?"

"Mwendo uwu ndinathyola ndine," anatero a Virginia mokweza, onse amve. "Ndinamugenda asanabe kanthu. Mantha amenewa ndinamupatsa ndine."

Kuseka kuja kunazilala. A Falida, amene anali ataima kumbuyo ndi beseni lawo, analitula n'kukhala pansi pomwepo, miyendo tambalale. Amayi ena awiri anachita chimodzimodzi. Aubrey anausa moyo, anakwinya khoti lija, n'kukhala pafumbi. Anadzikhwekhwereza monga anamuuzira, akuyang'ana kumbali, mpaka dzanja lake linafika pakhosi pa galuyo. Kambuku anangolira pang'ono, basi. Kapepala kanalembedwa Aubrey ali chikhalire.

Pobwerera a Virginia ankayenda ngati apambana mlandu, galu akutsimphina pambali pawo. Atafika pakhomo anamumasula chingwe, n'kutulutsa kapepala kaja kuti awaonetse a Saulos. Mphepo ya kunyanja inakawomba n'kukagwetsera pansi, ndipo iwo, osaganiza n'komwe, anawerama kuti akatole.

Kambuku anakuwa kukuwa komwe kuja kwa tsiku loyamba. Pamene ankaweramuka, pabwalo panali patatsala mkodzo wokha, ndi maso awiri akuwayang'ana kuchokera pansi pa nkhokwe.

"Iwe galu iwe," anatero a Virginia. "Zonse zija?"

Ku doko matemba anali pathandala osatembenuzidwa, ndipo dzuwa linali litapendeka. Anapinda kapepalako, kukamanga pa nsonga ya chitenje, n'kukhala pansi moyang'anana ndi nkhokwe, miyendo tambalale.