Mamailosi a Alamu

Alamu anga, amuna a achemwali, ankakwera ndeke pafupipafupi kupita ku mawekishopu a kuntchito, ndipo ovutika nazo tinali ife. Lamlungu lililonse akabwera kwathu ku Nangongwe, kufupi ndi Lusaka, kuchokera kwawo ku Estates, asanasambe n'komwe m'manja, ankayala makhadi awiri patebulo. Ati ukakwera ndeke kampani imakulembera mamailosi, akachuluka umakwera ulere. Khadi lofiira limapatsa ambiri koma sachedwa kutha mphamvu. Labuluu ndi laumbombo koma limakulowetsa m'chipinda chodyera makeke pabwalo la ndeke. Ulaliki womwewo sabata ndi sabata, kwa anthu amene ndeke timangoionera m'mwamba ikudutsa mtsinje.

Tsiku lina anamva amayi akudandaula kuti mng'ono wawo ku Dedza wayamba kudwaladwala. Awiriwo anali asanaonane chibwerere amayi kuno, pamene anatsatira abambo ku fakitale ya nsalu.

"Bamami, musavutike na basi," anatero alamu. "Mamailosi yanga yazakupelekani na ndeke."

Zinthu zinaipira pomwepo. Basi ya ku Lilongwe imanyamukira pa Lusaka pomwepa, ndipo ine ndikanatha kuwakweza. Koma kwathu mpongozi akalonjeza chinthu sumukumbutsa, ndiponso sumulambalala. Amayi anati kukwera basi n'kumuvula mkamwini pagulu. "Wanena yekha mwini wake, tidikire."

Tinadikira. Mwezi uno alamu ati mipando yaulere yatha. Winawo ati ilipo, koma kutayira mamailosi ochuluka chotero pa kaulendo kakafupi n'kupusa, a khadi labuluu atsitsa posachedwa. Ndinawauza achemwali kuti awakankheko amuna awo, iwo anati munthu wopanda pasipoti ngati ine nditseke pakamwa. Ndinapsa mtima, ndipo ndikakumbukira ndimapsabe. Munthu wamkulu, wa tayi pakhosi, kumaumira manambala a m'foni ngati mbewu ya chimanga.

Uthenga wa maliro a mng'ono wawo uja unafika m'mawa wina amayi akutsuka mbale. Kumudziko anati aika mawa lake, chifukwa mochare ili kutali. Ife tinakhala maliro konkuno monga timachitira: amuna panja pansi pa mango, azimayi a mumpingo m'nyumba akuimba.

Masana alamu anatulukira. Sanakhale ndi amuna anzawo. Anavula nsapato n'kugwada pakhomo, foni ili m'manja, nkhope yachisoni koma mawu akuthamanga.

"Bamami, pepani maningi. Koma napeza mupando, wa kusogolo, na hafu chabe ya mamailosi. Ni mwezi wa mailo uyu ubwela."

Nyimbo inadukira pakati. Amayi anawayang'ana apongozi awo m'maso, zimene anali asanachitepo chikwatiwire mwana wawo.

"Zikomo bambo," anatero. "Nanga ndikakatsika kumeneko, akandichingamire ndani?"